Mfuti ya m'manja yodzitetezera: musankhe zipolopolo za saizi iti?

Funso lake silisintha: "Ndikufuna mfuti yodzitetezera, ndigule ya 9mm kapena ya .45?" Ofunsa ambiri ndi eni mashopu, oyendetsa magalimoto a katundu ndi ena amene akhala ku Joni zaka zambiri mpaka kupeza mapepala okhazikika. Yankho lachidule n'lakuti kwa anthu ambiri 9mm ndiyo yoyenera. Koma yankho lachiduleli lachititsa ena kugula mfuti imene manja awo sakugwirizana nayo, choncho ndi bwino nkhaniyi ilembedwe kamodzi, mwandondomeko.

Ku South Africa kulakwitsa posankha kumawawa. Laisensi imalembedwa pa mfuti imodzi, ndi nambala yake yodindidwa pachitsulo. Mumalipira mfutiyo kaye, imatsala m'shopu ya wogulitsa, inu n'kumadikira miyezi kuti apolisi ayankhe pempho lanu. Mukailandira n'kupeza kuti ikukupwetekani dzanja, simungakaisinthe ngati nsapato yothina. Muyambanso ulendo wonse wa mapepala.

1. Onani kaye ngati lamulo likukulolani

Lamulo lake ndi Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000. Laisensi yodzitetezera ili pa gawo 13, ndipo m'mashopu a mfuti mudzamva akungoti "section 13". Imalola mfuti imodzi yokha, ndipo imagwira ntchito zaka 5. Pempho loti aiwonjezere nthawi liyenera kulowa kutatsala masiku osachepera 90 kuti ithe.

Laisensi isanabwere pamafunika competency certificate, chikalata chosonyeza kuti mwaphunzira lamulo ndi kagwiridwe ka mfuti ndipo mbiri yanu ndi yoyera. Chimaperekedwa kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposa, amene ndi nzika kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Wa chitupa cha ntchito chokha sangachipeze, ngakhale shopu yake itathyoledwa kangati. Fomu ya competency ndi SAPS 517, ya laisensi ndi SAPS 271, ndipo zonse zimadutsa kwa wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya dera lanu, amene amamutcha DFO.

Mfuti yogula kuseri musaiganizire n'komwe. Kupezeka nayo kungakulowetseni m'ndende mpaka zaka 15, ndipo simudziwa kuti inapha ndani isanafike kwa inu. Dziwaninso kuti laisensi ya ku South Africa imathera pa Beitbridge. Siikupatsani ufulu wolowa ndi mfuti ku Zimbabwe, ku Mozambique kapena kumudzi ku Malawi, kumene nkhani ya zilolezo ili ndi malamulo akeake ndipo imadutsa ku polisi ya komweko.

2. Phunzirani kuwerenga maina a zipolopolo

Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi: mutu umene umauluka, khoko la mkuwa limene limatsala, wonga m'kati mwa khokolo, ndi primer, kabatani kakang'ono ka pansi kamene kamayatsa wongawo kakamenyedwa. Mawu akuti caliber kwenikweni amanena za kunenepa kwa mutu ndi kukula kwa bowo la mpope wa mfuti, koma pa malonda amatanthauza dzina la chipolopolo chonse.

Mainawa amasokoneza, ndipo kusokonezekako kumavulaza anthu. Zipolopolo zotchedwa "9mm" zilipo zingapo. Chimene anthu ambiri amatanthauza ndi 9x19, chomwenso chimatchedwa 9mm Luger, 9mm Parabellum kapena 9mmP. Nambala 19 ndi kutalika kwa khoko m'mamilimita. Palinso 9x17, chimene ku America amati .380 ACP koma ku South Africa mudzamva akuti 9mm Short. Chachitatu ndi 9x18 Makarov cha ku Russia, chimene mutu wake ndi wonenepa pang'ono kuposa ziwiri zinazo. Zitatuzi sizilowana. Chimodzimodzi .38 Special, .38 S&W ndi .38 Super: maina ngati a pachibale, koma ndi zinthu zitatu zosiyana.

Lamulo la pamenepa ndi limodzi. Werengani zimene zadindidwa pa mpope kapena pambali pa mfuti, werengani za pa bokosi, werenganinso za pansi pa khoko. Zitatuzo zifanane. Kusakaniza kumene kuli kololedwa ndipo kumachitika tsiku ndi tsiku ndi kuika .38 Special mu revolver (mfuti imene zipolopolo zake zimakhala m'chigubu chozungulira) ya .357 Magnum. Kubwereza mbali inayo sikutheka, chifukwa khoko la .357 analitalikitsa dala ndi mamilimita 3 ndi pang'ono kuti lisalowe mu mfuti ya .38.

Kulemera kwa mutu kumalembedwa mu grain, mwachidule gr. Grain imodzi ndi magalamu 0.065. Mutu wa 124 gr ndi magalamu 8, ngati shuga wa m'masupuni ang'onoang'ono awiri. Chizindikiro cha +P chimatanthauza kuti chipolopolocho anachipatsa mphamvu yoonjezera. Chimakankha dzanja kwambiri powombera, ndipo chigwiritsidwe ntchito pokhapokha buku la mfutiyo likuvomereza.

3. Chotsani m'mutu za m'mafilimu

Palibe chipolopolo cha mfuti ya m'manja chimene chimanyamula munthu n'kumuponyera kukhoma. Chikanakhala ndi mphamvu yotere, chikanagwetsanso wowomberayo, pakuti kukankha kumene kumapita kutsogolo n'kofanana ndi kumene kumabwerera m'dzanja. Woukira amaima pa zifukwa ziwiri: wachita mantha kapena kumva ululu n'kuleka yekha, kapena chipolopolo chafika pa chiwalo chofunika m'kati mwa thupi. Choyambacho simungachidalire. Chachiwiricho chimafuna kulasa pamalo oyenera, komanso mutu wolowa mokwanira.

Mbiri ya FBI, gulu la apolisi ofufuza milandu la ku America, imaphunzitsa bwino mfundoyi. Pa 11 April 1986 mumzinda wa Miami, apolisi a FBI anawomberana ndi achifwamba awiri. Apolisi awiri anaphedwa, asanu anavulala. Mmodzi wa achifwambawo analasidwa koyambirira ndi 9mm imene inadutsa pamkono n'kulowa m'chifuwa, koma inaima isanafike pamtima, ndipo iye anapitiriza kuwombera. FBI inaloza chala chipolopolocho n'kusamukira ku 10mm Auto. Iyi inapezeka kuti ikukankha mopitirira kwa ambiri, ndipo pofuna kuichepetsa mphamvu panabadwa .40 S&W mu 1990. Patapita zaka, cha m'ma 2014, FBI yomweyo inanena kuti mitu ya masiku ano ya 9mm ikuchita bwino mofanana ndi zazikuluzo, pamene apolisi ake amalasa bwino ndiponso mofulumira ndi 9mm. Mu 2016 inasankha mfuti za Glock za 9mm.

Chimene chinatsala pa ulendo wonsewo ndi muyeso. Mutu wabwino wodzitetezera uyenera kulowa mainchesi 12 mpaka 18, kapena kuti masentimita 30 mpaka 46, mu jelatini yapadera yoyesera zipolopolo. Wosafika 30 ungathe kuima panjira ukayamba wadutsa pamkono kapena pa jekete yokhuthala. Wopitirira 46 ungathe kutuluka n'kukalasa wina kumbuyo. Muyeso umenewu ndi wothandiza kuposa manambala a mphamvu amene amakongoletsa mabokosi.

Nanga kunenepa? Mutu wa 9mm ndi mamilimita 9, wa .45 ndi 11.5. Kusiyana kwake sikuposa kwenikweni kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Anthu akhala akukanganirana kamtengo kameneka zaka zoposa 100.

4. Dziwani zimene zili pamsika

9x19 anaipanga Georg Luger kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo lero ndi imene asilikali a NATO ndi apolisi a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito. Mitu yake yodziwika ndi 115, 124 ndi 147 gr. Wa 124 gr umatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 350 pa sekondi. Glock 17 imanyamula zipolopolo 17 m'magazini, kabokosi koikamo zipolopolo kamene kamalowa m'chogwirira, Glock 19 imanyamula 15. Imakankha mwapakatikati, ndi yotsika mtengo kuposa zinzake zazikulu, ndipo shopu ya mfuti yopanda 9mm ndiye kuti yatsala pang'ono kutsekedwa. Yambirani apa, ndipo muchokepo pokhapokha pali chifukwa chogwirika.

.380 ACP, ya John Browning ya mu 1908, ili ndi mutu wonenepa mofanana ndi 9x19 koma wopepuka, 90 kapena 95 gr, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Ili m'malire: mitu ina yotambasuka imalephera kufika masentimita 30. Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti timfuti tambiri ta .380, makamaka ta kapangidwe kakale, timaluma dzanja kuposa pistol (mfuti ya m'manja ya magazini) yaikulu ya 9mm, ndipo sipiling'i yake imakhala yolimba kukoka. Ilipo mitundu ina yatsopano yofewa, imene imathandiza anthu a manja ofooka, koma muyese musanakhulupirire.

.38 Special ndi ya revolver, ndipo yakhalapo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Mitu yake imayambira pa 110 kufika 158 gr. Revolver yaifupi imanyamula 5 kapena 6. Ubwino wake ndi kuphweka: palibe slide, chitsulo cha pamwamba pa pistol chimene mumakokera kumbuyo kuti chipolopolo chilowe mu mpope, ndipo chipolopolo chikakana kuphulika mumangokokanso trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka powombera. Kuipa kwake n'kwakuti trigger yake ndi yaitali ndi yolemera, zolozera zake ndi zazing'ono, ndipo kudzazanso kumachedwa. Kachizolowezi kopatsa mayi karevolver kopepuka "chifukwa ndi kosavuta" ndi kolakwika. Mfuti zimenezi zili m'gulu la zovuta kwambiri kulasa nazo.

.357 Magnum, ya mu 1935, ndi yamphamvu zedi mu mpope wautali. Mu mpope wa mainchesi 2 wonga wambiri umapsera kunja, n'kusanduka moto ndi phokoso loboola m'makutu. M'chipinda chamdima motowo umakuthobwani m'maso. Ogula ambiri amathera pa kuikamo .38 Special, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

.40 S&W ili ndi mitu ya 165 kapena 180 gr. Kukankha kwake ndi kwadzidzidzi, kodumphitsa kukamwa kwa mfuti. Glock 22, imene kukula kwake n'kofanana ndi Glock 17, imanyamula 15. Mfuti za .40 zogwiritsidwapo kale ntchito zimatha kupezeka motchipa, koma ndalama imene mwapulumutsa pa mfuti imabwerera pa zipolopolo.

.45 ACP ndi ya Browning nayonso, imene asilikali a America anaitenga mu 1911. Mutu wake wa 230 gr, magalamu pafupifupi 15, umayenda pang'onopang'ono, mamita pafupifupi 255 pa sekondi. Imakankha mwamphamvu koma mosadzidzimutsa, ndipo ena amaikonda chifukwa cha chimenecho. Magazini wamba ya pistol ya 1911 imanyamula 7. Mfuti za .45 zonyamula zambiri zimakhala ndi chogwirira chonenepa chimene dzanja laling'ono silizungulira.

Zing'onozing'ono, monga .22 LR, 6.35 ndi 7.65, zimapha ndithu ndipo zisaseweretsedwe, koma siziyenera kukhala chisankho choyamba. .22 LR ili ndi vuto lina: imayatsidwa m'mphepete mwa khoko, ndipo imakana kuphulika kawirikawiri kuposa zinzake. Malo ake ndi kwa munthu amene nyamakazi kapena kuvulala kwamulanda mphamvu yogwira china chilichonse.

5. Musasankhe chipolopolo padera ndi mfuti yake

Chipolopolo chimodzimodzi chimamveka mosiyana mu mfuti ziwiri. Glock 19 imalemera magalamu pafupifupi 670 yopanda zipolopolo, ndipo dzanja lonse limakwana pa chogwirira. Glock 43 ndi ya 9mm yomweyo, koma imalemera pafupifupi theka la kilogalamu, imanyamula 6, ndipo kwa ambiri chala chakaniso chimalendewera. Yaing'onoyo imadumpha kwambiri. Mfuti ikapepuka, kukankha kumene chitsulo chikanameza kumalowa m'dzanja lanu.

Choncho dzifunseni kumene mfutiyo idzakhala. Ngati ndi ya m'nyumba kapena kuseri kwa kauntala, tengani yaikulu. Ngati mudzayenda nayo, kumbukirani kuti lamulo limafuna ikhale mu holster, kathumba konyamuliramo mfuti pathupi, kapena m'chikwama choyenera, yobisika yonse. Yapakatikati, ya mpope wa mainchesi 4, imakwanitsa ntchito ziwiri zonsezi kwa anthu ambiri, ndipo popeza gawo 13 likukupatsani imodzi yokha, imeneyo ndiyo yoyamba kuiyesa.

6. Kayeseni powombera, ndipo muyeze ndi pepala

Ili ndilo gawo limene ambiri amalumpha. Amagwira mfuti m'shopu, n'kuitembenuza kawiri, n'kunena kuti "ikukhala bwino m'manja". Mfuti yosawombedwa iliyonse imakhala bwino m'manja.

Pezani malo ovomerezeka ophunzirira kuwombera, amene amabwereketsa mfuti pansi pa mphunzitsi. Malo ambiri amene amaphunzitsa za competency amachita zimenezi. Sankhani mfuti zitatu, osapitirira, chifukwa manja akatopa zotsatira zimanama. Chiyambi chabwino ndi pistol yapakatikati ya 9mm, ina yaing'ono ya 9mm kapena .380, ndi imene mtima wanu ukuifuna, kaya .45 kapena revolver. Konzani zipolopolo 30 pa mfuti iliyonse. Tengani mapepala oyera, cholembera, ndi sosala ya kapu ya tiyi yojambulira bwalo la masentimita pafupifupi 13. Valani zoteteza maso ndi makutu, ndipo ngati malowo ndi a m'nyumba, ikani zotsekera za m'kati mwa khutu n'kuvalanso zakunja. Mantha ena a oyamba kumene amachokera ku phokoso, osati ku kukankha.

Musanawombere, ndi mfuti yotsimikizika kuti ilibe kanthu ndipo yaloza kumalo otetezeka, yesani zinthu zinayi. Kodi nsonga ya chala chanu ikufika pa trigger popanda kupotoza chogwirira m'dzanja? Kodi mukutha kukoka slide mpaka kumapeto kasanu motsatizana? Kodi mukutha kuitsekera kumbuyo? Kodi mukutha kudzaza magazini yonse ndi zala zanu, kuphatikizapo zipolopolo ziwiri zomaliza zimene zimalimba? Pa revolver, kokani trigger kakhumi motsatizana ndi dzanja limodzi, kenaka ndi linalo. Mfuti imene yakulepheretsani chimodzi mwa izi ngakhale mphunzitsi atakuonetsani njira yake, ichotseni pa mndandanda.

Tsopano ikani pepala pa mamita 5. Wombani 5 pang'onopang'ono, mosawerengera nthawi. Apa mukungoona ngati mukutha kulasa n'komwe. Sinthani pepala. Mphunzitsi agwire wotchi, inu muyambe mfuti italoza pansi kutsogolo kwanu, ndipo muwombe 5 m'masekondi 5. Zonse zilowe m'bwalo lija. Chitani zimenezi katatu, pepala latsopano ulendo uliwonse, ndipo pa pepala lililonse mulembe dzina la mfuti, kulemera kwa mutu ndi nthawi. Kenaka wombani 5 ndi dzanja limodzi lokha, pakuti tsiku la tsoka dzanja linalo lingakhale litanyamula mwana, tochi kapena foni. Zisanu zotsalazo ndi za mamita 10, pang'onopang'ono.

Yalani mapepalawo pa tebulo, muwawerenge. Kwa wa dzanja lamanja, mabowo otsikira pansi chakumanzere amasonyeza kuti akukankhira mfuti pansi poyembekezera kuphulika. Wamanzere amaona zomwezo pansi chakumanja. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: mphunzitsi asakanize zipolopolo zabodza ziwiri, zotchedwa dummy, m'magazini inu osaona. Trigger ikagwera pa chabodzacho, kukamwa kwa mfuti kudzagwa kokha ngati mutu wa munthu wosinza. Zikamachitika pang'ono pa 9mm koma kwambiri pa .40 kapena .45, thupi lanu layankha kale funso lija.

Onaninso zimene mfuti ikuchita. Khoko likakanirira pakhomo lotulukira, litaima ngati chumuni, nthawi zambiri ndiye kuti dzanja silinalimbe mokwanira kuti slide iyende ulendo wake wonse. Vutoli limakula pa timfuti topepuka. Onani chikhato chanu, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Pakafiira kapena kusupuka ndi zipolopolo 30 zokha, simudzafuna kubwereranso kukaphunzira, ndipo mfuti imene mwini wake amaiopa imagona mu safe, bokosi lachitsulo lokiya, mpaka laisensi kutha.

Kusankha kwake nkotere: tengani chipolopolo chachikulu mwa zimene mwakwanitsa kulowetsa zisanu zonse m'bwalo m'masekondi 5, kawiri mwa katatu. Ziwiri zikafanana, tengani yotchipa zipolopolo ndi yonyamula zambiri. Mukalephera pa zonse, vuto si caliber ayi. Musagule kanthu tsiku limenelo, lipirani maphunziro ena, mudzabwerenso.

Chenjezo limodzi la pamalo owomberera. Mukamva kuphulika kofooka, ngati kaphokoso ka botolo potsegula, ndipo mfuti siinakankhe, imani pomwepo. Mwina mutu watsakamira mu mpope, ndipo chipolopolo chotsatira chingang'ambe mfutiyo m'manja mwanu. Trigger ikagwa koma osaphulika, mfutiyo ikhalebe italoza kutsogolo masekondi 30 musanaitsegule.

7. Zungulirani mashopu ndi cholembera

Funsani m'mashopu atatu a dera lanu mtengo wa bokosi la zipolopolo 50 zophunzirira za caliber imene mwasankha, ndipo muone ndi maso ngati zilipo pa shelefu. Chulukitsani mtengowo ndi 12. Bokosi limodzi pamwezi ndiwo muyeso wotsikitsitsa woti luso lisazilale. Ngati ndalama ya pachakayo ikukuchititsani kukanda m'mutu, tsikirani ku yotchipa.

Lamulo limaletsa kusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfuti iliyonse ya laisensi wamba, ndipo mungasunge za caliber ya mfuti yanu yokha. Zimene mwagula n'kuwombera pa malo ovomerezeka ophunzirira siziwerengedwa pa 200 imeneyo. Tanthauzo lake n'lakuti simungaunjike za zaka zambiri. Mukasankha caliber yosowa, katundu akachedwa padoko mfuti yanu idzakhala chitsulo chabe.

8. Sankhani mutu, muuyese mu mfuti yanu

Mitu ilipo ya magulu awiri. FMJ ndi mtovu wokutidwa ndi mkuwa, wosongoka mozungulira. Ndi wotchipa, wabwino pophunzira, koma sutambasuka ndipo wa 9mm umatha kudutsa thupi n'kupitirira. JHP uli ndi kadzenje kutsogolo kamene kamatseguka ngati bowa ukalowa, motero umaima msanga. Wodzitetezera ndi umenewu, ndipo ku South Africa ndi wololedwa. Mitundu yodziwika imene inapangidwa motsata muyeso wa FBI ndi monga Federal HST, Speer Gold Dot ndi Hornady Critical Duty. Pa 9mm, 124 gr kapena 147 gr zonse zili bwino. Pewani zipolopolo zodzazidwa kunyumba ndi munthu wina, ngakhale atazitchipitsa bwanji.

Laisensi ikatuluka, wombani kaye FMJ 200 kuti mfuti ikhazikike. Kenaka wombani JHP zimene mwasankha zosachepera 50, kudzera m'magazini iliyonse imene muli nayo, yodzaza mpaka pamwamba. Zimawawa m'thumba, chifukwa JHP ndi zodula kangapo, koma pistol zina, makamaka zakale, zimakana mutu wa kadzenje pokwera kulowa mu mpope. Ikakanirira ngakhale kamodzi, lembani nambala pa magazini imeneyo, muyesenso. Vuto likatsatira magazini, itayeni. Likapezeka pa zonse, sinthani mtundu wa zipolopolo. Onaninso pamene JHP ikulasa pa pepala, pakuti mitu yolemera mosiyana siigwera malo amodzi.

JHP isakunamizeni kuti makoma ndi otetezeka. Khoma la njerwa zootcha limaimitsa zipolopolo zambiri za mfuti ya m'manja. Malata, chitseko cha matabwa opyapyala, siling'i ndi zenera siziimitsa ngakhale .22, ndipo kadzenje ka JHP kakadzaza ndi zinyenyeswa mutuwo umayenda ngati FMJ. Imani pakhomo la chipinda chanu masana, muyang'ane mbali iliyonse imene wakuba angachokere, mudzifunse amene amagona kuseri kwake. M'nyumba za kuseri kwa mpanda, kumene mabanja anayi amalekanitsidwa ndi bolodi, pali mbali zina zimene simungawombereko n'komwe. Kuwombera m'mwamba koopseza nakonso n'koopsa: chipolopolo chimabwerera pansi, ndipo kuwombera pamalo okhala anthu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu paokha. Lamulo limalola mphamvu yakupha pamene moyo kapena thupi la munthu lili pa ngozi yaikulu nthawi yomweyo, osati pothamangitsa wakuba amene akuthawa ndi TV.

9. Samalani zipolopolo zimene zili mu mfuti

Cholakwa chofala ndi cha amene amatulutsa chipolopolo mu mpope madzulo aliwonse n'kuchibwezera m'mawa. Ulendo uliwonse mutu umagunda chitsulo pokwera, ndipo pang'onopang'ono umamira m'khoko. Malo a wonga akachepa, mphamvu ya kuphulika imakwera mpaka kufika poopsa, makamaka pa .40 S&W ndi 9mm. Imikani chipolopolocho pa tebulo pambali pa chatsopano. Chikaoneka chachifupi ngakhale pang'ono, kachisiyeni kwa wogulitsa mfuti kapena pamalo ophunzirira kuti akachitaye bwino. Chimene chalowa mu mpope katatu kapena kanayi, chiikeni padera mukachiwombere pophunzira.

Mafuta ndi mdani wa primer. Mukatsuka mfuti, pukutani m'kati mwa mpope ndi pamene khoko limatsamira mpaka pouma, ndipo musapopere mafuta pa magazini yodzaza. Thukuta ndi chinyontho cha m'mphepete mwa nyanja, monga ku Durban, zimadetsa makoko msanga. Kamodzi pachaka, wombani zonse zimene mwakhala mukunyamula, muikemo zatsopano za mtundu womwewo, ndipo mulembe tsikulo pa bokosi limene latsala mu safe.